Robert Austrian, dokotala wa chibayo amene anafika ku migodi ya ku Joni

Mlungu wathawu ndinakumana ndi m'bale wathu wina pa shopu kuno ku Al Mirqab, akukhosomola atagwira m'nthiti, thupi lili moto. Ati wakhala akumwa Panado masiku anayi poopa kujomba ntchito. Ine unamwino unandigwira pompo, ndinamukalipira ndithu. Pobwerera kunyumba ndinakumbukira munthu amene ndikufuna kukuuzani lero.

Robert Austrian anabadwa mu 1916 ku Baltimore, dziko la America, mwana wa dokotala, ndipo anaphunzira udokotala ku Johns Hopkins. Nthawi imene iye ankayamba ntchito, penicillin anali atangofika kumene, madokotala ambiri n'kumati basi chibayo chatha. Austrian sanakhutire. Ku Kings County Hospital ku Brooklyn anatha zaka khumi, kuyambira 1952 mpaka 1962, akuyeza magazi a odwala chibayo ndi kuwerenga amene achira ndi amene amwalira.

Mu 1964 iye ndi mnzake Jerome Gold anatulutsa zimene anapeza. Anayerekeza odwala ake olandira penicillin ndi odwala a zaka zam'mbuyo, ena opatsidwa serum, ena opanda mankhwala alionse. Mwa anthu amene tizilombo ta pneumococcus tinali titalowa m'magazi, opanda mankhwala ankamwalira oposa atatu mwa anayi alionse. Ndi penicillin ankamwalira pafupifupi 17 mwa 100. Kusiyana kwakukulu zedi. Koma taonani izi: m'masiku asanu oyambirira, imfa zinali pafupifupi chimodzimodzi m'magulu onse atatu. Mankhwala ankapha tizilombo bwinobwino, koma thupi likakhala kuti lawonongeka kale, jakisoni sankabweza munthu.

Izi ndimaziona mpaka lero. Kwathu tinkabaya X-pen, kwa ana ampicillin ndi gentamicin, zikavuta ceftriaxone. Kunja kuno wamkulu wodwalitsa amapatsidwa ceftriaxone pamodzi ndi azithromycin. Abale a wodwala amandifunsa kuti wamphamvu ndi uti, koma ine funso langa loyamba limakhala lakuti wayamba liti kupuma mobanika.

Austrian ataona zimenezi anati bola katemera. Kokamuyesera anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chifukwa anyamata ongofika kumene, ogona mothithikana m'makomboni, chibayo chinkawagwira kwambiri. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, a Wenela aja. Mwina agogo anu anali pa mzere umenewo atapinda malaya, ndani akudziwa. Katemerayo anagwira ntchito, ndipo America inamuvomereza mu 1977 ali woteteza ku mitundu 14 ya tizilomboti, kenako mitundu 23 mu 1983. Chaka cha 1977 chomwecho, ku Durban ndi ku Johannesburg kunapezeka pneumococcus wosamva penicillin ndi mankhwala ena angapo.

Chimandiwawa n'chakuti dzina la Austrian lili m'mabuku, analandira mphoto ya Lasker mu 1978, koma anyamata athu aja anangokhala manambala.

Anakhala pa University of Pennsylvania kuyambira 1962, ndipo anamwalira ku Philadelphia mu March 2007 ali ndi zaka 90. Malawi anayamba kubaya ana katemera wa chibayo, wa mtundu watsopano wa PCV13, mu November 2011.