John Boyd Dunlop: Dotolo wa ziweto amene adatsekera mpweya m'tayala

Aliyense amene adaimapo pamalo omatira matayala ku Limbe, ku Ndirande kapena m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere adaliwerengapo dzina la Dunlop pa tayala lina lake. Ambiri amaliyesa dzina la kampani chabe. Koma mwini dzinalo adali munthu, dotolo wa akavalo ndi ng'ombe wa ndevu zazitali, amene sadaphunzire za makina kusukulu. Adalowa m'mbiri ya dziko chifukwa chomvera chisoni mwana wake.

John Boyd Dunlop adabadwa pa 5 Febuluwale 1840 m'mudzi wa Dreghorn, m'dera la Ayrshire ku Scotland, m'banja la alimi. Adakaphunzira udotolo wa ziweto mumzinda wa Edinburgh, ndipo mu 1867 adaoloka nyanja kupita ku Ireland. Adayamba wakhala ku Downpatrick, kenako adakhazikika ku Belfast kumene ntchito yake idakula n'kumubweretsera mbiri ndi ulemu. Adakwatira Margaret Stevenson mu 1871 ndipo adabereka ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Kufikira atayandikira zaka 50, palibe chimene chidasonyeza kuti dzina lake lidzatchulidwa kunja kwa makola a ziweto.

Nthawi imeneyo magudumu a ngolo adali okutidwa ndi chitsulo, pomwe a njinga adali ndi mphira yolimba, yopanda mpweya mkati. Misewu ya ku Belfast idali yoyalidwa miyala, choncho wokwera njinga ankamva mwala uliwonse m'msana ndi m'mano. Mwana wa Dunlop, Johnnie, amene adali ndi zaka pafupifupi 10, adali ndi kanjinga ka magudumu atatu, ndipo kugwedezeka kwake kunkamusowetsa mtendere.

Chakumapeto kwa 1887, bambo wakeyo adatenga nsalu ya mphira n'kuipanga chubu, adachikuta ndi nsalu yolimba, n'kuchikhomera m'mphepete mwa thabwa lozungulira. Mpweya adauikamo ndi pampu ya mpira wamiyendo. Chimene adachita pambuyo pake ndicho chimamusiyanitsa ndi anthu ongolota: adayesa. Adagubuduza gudumu lakelo pabwalo la kunyumba kwake, kenako adagubuduza gudumu la mphira yolimba lochokera pa kanjinga ka mwanayo. La mphira yolimba lidaima panjira, pomwe la mpweya lidafika kumapeto kwa bwalo n'kunjanja pachipata.

Zotsatirazi zidatsutsa zimene anthu ambiri ankakhulupirira, kuti gudumu lolimba ndi lopyapyala ndilo lothamanga. Gudumu lolimba likakumana ndi mwala limayenera kuukwera, ndipo mphamvu ya woyendetsa imathera pa kudumpha. Tayala la mpweya limatifuka pang'ono, kumeza mwalawo, n'kupitiriza ulendo. Kumayambiriro kwa 1888 Dunlop adaika matayala oterewa pa magudumu akumbuyo a kanjinga ka Johnnie, ndipo pa 7 Disembala chaka chomwecho boma la Britain lidamupatsa chikalata chomuzindikira kuti ndiye mwini lusolo.

Poyamba anthu ankaseka matayala onenepawo. Kuseka kudatha pa 18 Meyi 1889, pamene Willie Hume, mtsogoleri wa kalabu ya opalasa njinga ya Belfast Cruisers, adapambana mipikisano yonse inayi ya njinga pa masewero a ku Queen's College mumzindawo atakwera njinga ya matayala a Dunlop. Nkhaniyi idamufika Harvey du Cros, munthu wamalonda wa ku Dublin amenenso adali mkulu wa bungwe la opalasa njinga ku Ireland. Chaka chisadathe, iye ndi Dunlop adakhazikitsa kampani yopanga matayala ku Dublin.

Chimwemwe sichidakhalitse. Mu 1890 zidadziwika kuti munthu winanso wa ku Scotland, Robert William Thomson wa ku Stonehaven, adalembetsa kale luso la gudumu la mpweya mu 1845, Dunlop ali mwana wa zaka zisanu. Magudumu a Thomson adayesedwa pa ngolo zokokedwa ndi akavalo koma adaiwalika, popeza adali okwera mtengo ndipo njinga zidali zisadabwere. Dunlop sankadziwa za ntchito imeneyi, komabe lamulo silidaone zimenezo. Chikalata chake chidathetsedwa mphamvu.

Kampani idapulumuka chifukwa cha nzeru za anthu ena. Tayala loyamba la Dunlop linkamatidwa ku gudumu, kotero likaphulika linkavuta kukonza. Mu 1890 Charles Welch adapeza njira yoika waya m'milomo ya tayala kuti lizigwira limu mwamphamvu koma n'kumachotsedwa mosavuta, ndipo Du Cros adagula luso limeneli. Kuyambira pamenepo tayala ndi limu zidakhala zinthu ziwiri zogulidwa padera, zoyenera kugwirizana kukula kwake. Kukula kumeneku ndiko kumasonyezedwa ndi manambala amene amalembedwa m'mbali mwa tayala. Wa kabaza wa ku Lunzu akamafunsa tayala la 28 x 1½ la njinga yake yakapalasa, amakhala akulankhula muyeso wa mainchi wochokera ku Britain wa m'masiku amenewo.

Dunlop mwiniwake adasiyana ndi kampaniyo cha pakati pa zaka za m'ma 1890, isadafike pachimake. Mu 1896 bizinesiyo idagulitsidwa pa mtengo wa mapaundi 3 miliyoni kwa Terah Hooley, amene posakhalitsa adaigulitsanso kwa ogula masheya pa mapaundi 5 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazo zidapita kwa ena. Kampani idapitiriza kugwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi cha nkhalamba ya ndevuyo, idayamba kupanga matayala a galimoto mu 1900, ndipo idamanga fakitale yaikulu ya Fort Dunlop ku Birmingham.

Luso limeneli lidafika ku Africa kudzera pa khomo lowawa. Njinga ndi galimoto zitachuluka, mafakitale a ku Ulaya adafuna mphira yochuluka zedi, ndipo panthawiyo yambiri inkachokera m'mitengo ndi m'zilambe za m'nkhalango. Ku Congo, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium idalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu ankakakamizidwa kutolera mphira, ndipo midzi yolephera kukwanitsa mlingo inkalangidwa mwankhanza, ena kuphedwa, ena kudulidwa manja. Dunlop sadalamule zimenezi, koma mbiri ya tayala siingafotokozedwe moona popanda anthu amenewa. Kuno kwathu, nthawi ya Nyasaland, mphira ya m'tchire inkagulitsidwanso kunja, ndipo kampani ya African Lakes, imene Amalawi amaidziwa kuti Mandala, idakhala ndi esiteti ya mphira ya Vizara ku Nkhata Bay. Kampaniyi idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndi anthu a kwawo kwa Dunlop, ndipo nyumba yake ya Mandala House, yomangidwa mu 1882, idakalipo mu Blantyre.

Dunlop adamwalira pa 23 Okotobala 1921 ku Dublin ali ndi zaka 81, ndipo adaikidwa kumanda a Deansgrange. Sadaone ulemerero umene dzina lake lidapeza pa mipikisano ya galimoto. Mu 1953 Jaguar C-Type ya mabuleki opangidwa mogwirizana ndi kampani ya Dunlop idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Jaguar E-Type, imodzi mwa galimoto zamaliwiro zotchuka kwambiri, idatuluka mu 1961 itavala matayala a Dunlop a muyeso wa 6.40-15, kutanthauza tayala la mainchi 6.4 m'lifupi pa limu ya mainchi 15.

Kalembedwe kameneka kadasintha pambuyo poti kampani ya Michelin ya ku France idalembetsa luso la matayala a radial mu 1946, ndipo m'zaka zotsatira matayala adayamba kufupika m'mbali. Lero pa tayala pamalembedwa, mwachitsanzo, 185/70 R14. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri imasonyeza kuti msinkhu wa m'mbali mwake ndi magawo 70 pa 100 alionse a m'lifupimo. Chilembo cha R chikuimira radial, ndipo 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi.

Amene ali ndi galimoto yakale yamaliwiro, monga MGB yopangidwa pakati pa 1962 ndi 1980 imene idatuluka ndi malimu a mainchi 14, amakumana ndi funso lomwe Dunlop adaliyankha pabwalo lija. Akagula malimu atsopano okulirapo, ayenera kusunga msinkhu wa gudumu lonse kuti ukhale monga udaliri. Tayala la 185/70 pa limu ya mainchi 14 limapanga gudumu la mamilimita pafupifupi 615 kuchokera pansi kufika pamwamba. Akasamukira ku limu ya mainchi 15, tayala la 195/60 limapereka msinkhu womwewo. Akaphonya masamu amenewa, geji yosonyeza liwiro imayamba kunama, tayala limakhula bodi pokhota kapena podutsa pa hampu, ndipo chiongolero cha galimoto yakale, chimene sichithandizidwa ndi injini, chimalemera likakhala tayala lotambalala mopitirira.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Limu ikamakula, mbali ya tayala imafupika, ndipo mtsamiro wa mpweya umachepa. Galimoto imaoneka bwino ikaima mu Victoria Avenue, koma ikagwera m'dzenje la m'misewu ya ku Bangwe kapena ku Chilomoni dzinja litafika, limu imapindika ndipo tayala limatupa m'mbali. Woyendetsa amakhala wabwerera pang'ono ku gudumu lolimba limene Dunlop adaligonjetsa mu 1887. Ogula matayala akaunjika ali ndi nambala inanso yoyenera kuiwerenga: manambala anayi omaliza otsatira zilembo za DOT amanena sabata ndi chaka chimene tayala lidapangidwa, kotero 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Mphira imakalamba ngakhale mapanda ake akuoneka atsopano, ndipo galimoto yakale imene imatuluka mwa apo ndi apo ndiyo imakhalitsa ndi matayala okalamba.

Dunlop sadakhale woyamba kuganizira za gudumu la mpweya, ndipo sadalemere nalo monga adalemerera amene adamutsatira. Chimene adachita n'kulibweretsa panthawi imene dziko lidali lokonzeka, ataliyesa ndi manja ake asadalikhulupirire. Ku Northern Ireland nkhope yake idaikidwa pa ndalama ya pepala ya mapaundi 10. Ku Limbe amakumbukiridwa mosadziwa tsiku lililonse, mnyamata womata matayala akawerama kuwerenga manambala m'mbali mwa tayala asadatenge pampu.