John Herschel: Katswiri wa Nyenyezi Amene Sadalekanitse Sayansi ndi Filosofi

M'masukulu ambiri a ukachenjede, wophunzira fizikisi amatha kulandira digiri osalowako m'kalasi ya filosofi. Phunziroli limakhala la wofuna, ndipo ambiri amalilambalala. A John Herschel, amene adakhala zaka 4 ku Cape Town akupenda nyenyezi, sadaone malire pakati pa maphunziro awiriwa.

Iwo adabadwa pa 7 Malichi 1792 ku Slough, m'dziko la England. Bambo awo, a William Herschel, ndi amene adatulukira pulaneti la Uranus mu 1781. Mu 1813 a John adaposa anzawo onse pa mayeso a masamu ku Cambridge.

Asanapite ku Cape adali atalemba kale buku lotchedwa A Preliminary Discourse on the Study of Natural Philosophy. Funso la bukuli ndi limene wophunzira wotanganidwa ndi mayeso sakhala nayo nthawi yolifunsa: kodi wasayansi amadziwa bwanji kuti chimene wapeza n'choona? A Herschel adaphunzitsa kuti ganizo lingabwere m'njira iliyonse, ngakhale mongoyerekeza, koma liyenera kuyesedwa. Chifukwa chimene munthu wapereka pofotokoza chinthu chikhale chodziwika kuti chimagwiradi ntchito m'chilengedwe, osati chongopeka kuti masamu atheke. Ganizolo limalimba kwambiri likafotokozanso zinthu zina zimene mwini wake sadaziyembekezere. Mnyamata wina wa ku Cambridge, Charles Darwin, adawerenga bukuli mu 1831 ndipo lidamuyatsa mtima.

Mu Januwale 1834 a Herschel adafika ku Cape Town pamodzi ndi banja lawo, pa ndalama zawozawo. Adakhazikika pa munda wa Feldhausen, kumene lero kuli Claremont, naimika makina oonera zakutali otalika mamita 6. Usiku ndi usiku adasesa thambo lakummwera, limene akatswiri a ku Ulaya ankalidziwa mwapatalipatali. Adalemba magulu a nyenyezi ndi mitambo yowala zoposa 1,700, komanso nyenyezi zokhala ziwiriziwiri zoposa 2,000. Mu Disembala 1837 adaona nyenyezi ya Eta Carinae ikuwala mwadzidzidzi kuposa kale. Kusanja zonsezi kudawatengera nthawi yaitali, moti zidasindikizidwa mu 1847.

Kutchuka kudali ndi zovuta zake. Mu 1835 nyuzipepala ya The Sun ya ku New York idalemba kuti a Herschel aona zolengedwa zamapiko pa mwezi. Lidali bodza lamkunkhuniza, koma anthu ambiri adalikhulupirira, chinthu chowawa kwa munthu amene adalemba buku lonse lokhudza umboni.

Mu Juni 1836 Darwin uja, ali pa ulendo wa sitima ya Beagle, adawachezera. Mnzawo wapamtima ku Cape adali a Thomas Maclear, mkulu wa malo a boma opendera nyenyezi, amene dzina lawo a David Livingstone adadzalipereka ku Cape Maclear, pa Nyanja ya Malawi. Maganizo a Herschel adathandizanso pokonza dongosolo la masukulu a boma ku Cape mu 1839.

Adabwerera kwawo mu 1838, namwalira pa 11 Meyi 1871. Adaikidwa ku Westminster Abbey pafupi ndi manda a Isaac Newton, ndipo mu 1882 Darwin adaikidwa pambali pawo.