Mary Mallon: Wophika Amene Adakhala Zaka 26 Pachilumba

Mary Mallon adabadwa pa 23 Seputembala 1869 ku Cookstown m'dziko la Ireland. Ali mtsikana wa zaka pafupifupi 15 adapita ku America kukasaka moyo monga ankachitira amphawi ambiri a kwawo. Mumzinda wa New York adadziwika kuti ndi katswiri pophika, ndipo mabanja olemera ankamulemba ntchito.

M'chaka cha 1906 Mary ankaphikira banja la Charles Warren ku Oyster Bay. Mwa anthu 11 a m'nyumbamo, 6 adadwala tayifodi. Izi zidadabwitsa anthu chifukwa nthendayi inkadziwika kuti ndi ya m'malo auve, osati m'nyumba za anthu achuma. Mwini nyumbayo adalemba George Soper, katswiri wa zaukhondo, kuti apeze gwero lake. Poti kuona maso a nkhono n'kudekha, Soper adalondola mabanja amene Mary adagwirako ntchito kuyambira mu 1900 ndipo adapeza kuti m'mabanja 7 mwa 8 mudabuka tayifodi.

Vuto lidali lakuti Mary sankadwala. Masiku ano n'zodziwika kuti tizilombo ta tayifodi titha kubisala mu ndulu ya munthu wooneka wathanzi, n'kumatuluka m'chimbudzi chake ndi kulowa m'chakudya kudzera m'manja osasamba bwino. Koma panthawiyo mfundoyi idali yachilendo ngakhale kwa madokotala ambiri. Motero mu 1907, Soper atamupeza kukhitchini n'kumupempha magazi, mkodzo ndi chimbudzi kuti akapime, Mary adaona ngati chipongwe ndipo adamuthamangitsa ndi foloko yaikulu. Akuluakulu a zaumoyo adatuma dokotala Sara Josephine Baker pamodzi ndi apolisi, amene adamugwira mokakamiza. Atamupima adapezadi tizilomboto, ndipo adakamubindikiritsa m'kanyumba pachilumba cha North Brother, popanda mlandu wozengedwa m'khoti.

Boma lidali ndi pogwira. Mu 1905 khoti lalikulu la dziko la America lidagamula pa mlandu wa Jacobson kuti boma litha kukakamiza anthu kulandira katemera wa nthomba pofuna kuteteza ena. Ufulu wa munthu mmodzi, malinga ndi chigamulocho, uli ndi malire pamene ukuika miyoyo ya anthu ambiri pachiswe. Komabe malamulo obindikiritsa anthu adalembedwa poganizira odwala amene amachira n'kubwerera kwawo. Nanga munthu wosadwala, amene tizilombo sitidzamuchoka, angasungidwe mpaka liti? Mu 1909 Mary adakasuma kukhoti kuti amumasule, koma khoti lidakana. Apa n'kuti nyuzipepala zitafalitsa kale dzina lomunyoza lakuti Typhoid Mary.

Mu 1910 adamumasula atalonjeza kuti sadzaphikiranso anthu. Adayamba ntchito yochapa zovala, koma malipiro ake adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a wophika. Boma lidamulanda khasu lomwe ankalimira osamupatsa lina lolingana nalo. Patapita nthawi adasintha dzina kukhala Mary Brown n'kubwerera kukhitchini. Mu 1915 tayifodi idabuka pachipatala cha amayi cha Sloane komwe ankaphika. Anthu 25 adadwala ndipo awiri adamwalira. Ulendo uno anthu sadamumverenso chisoni. Adamubwezera kuchilumba komwe adakhala zaka zina 23. M'zaka zimenezi ankathandiza ntchito mu labotale ya pachipatala cha pachilumbapo, kufikira mu 1932 pamene adachita sitiroko n'kufa ziwalo. Adamwalira ndi chibayo pa 11 Novembala 1938.

Sikungakhale koona kunena kuti Mary adalibe cholakwa. Adaphwanya lonjezo, adabisa dzina, ndipo anthu adafa. A zaumoyo akadamulekerera, akadalephera udindo wawo kwa amene ankadya chakudya chake mosadziwa. Komanso boma silingadzitame kuti lidachita chilungamo chonse. Pamene Mary ankamwalira, ku New York kudali kutapezeka anthu mazana angapo onyamula tizilombo ta tayifodi ngati iyeyo, ena mwa iwo ogwira ntchito ya zakudya, koma palibe adasungidwa moyo wake wonse. Iye adali mayi wosauka, wobwera, wosakwatiwa ndiponso wosagonja msanga, ndipo olemba mbiri ambiri amaona kuti zimenezi zidakulitsa chilango chake.

Akuluakulu amati lamulo liposa mphamvu, koma lamulo lokha silikwanira kuteteza umoyo wa anthu. Mbiri ya Mary ikusonyeza zinthu zimene ziyenera kutsagana ndi mphamvu yobindikiritsa munthu. Munthuyo afotokozeredwe vuto lake m'mawu amene angawamve. Njira zofewa ziyesedwe kaye asanamulande ufulu. Amene waletsedwa ntchito pofuna kuteteza ena apatsidwe njira ina yopezera chakudya. Pomaliza, anthu a vuto limodzi aweruzidwe ndi muyezo umodzi. Izi zikasowa, wonyamula matenda amabisala ndi kusintha dzina monga adachitira Mary, ndipo omwe lamulo limafuna kuwateteza ndiwo amavulala.