Amayi Délia Tétreault ndi Maina a Kwawo

Mabanja ena a kuno ku Kasungu, kudera la fodya, anaphunzitsa ana awo aakazi ku Marymount ku Mzuzu, sukulu ya asisteri a MIC. Koma ndi ochepa amene amadziwa dzina la mayi amene anayambitsa chipanichi, ndipo lilime limapindika polichula: Délia Tétreault.

Dzinali linawoloka nyanja kalekale. Louis Tétreau anachoka ku Poitou m'dziko la France nakakhala ku Canada, pamene dzikolo linali m'manja mwa Afalansa. M'chaka cha 1663 anakwatira Noëlle Landeau ku Trois-Rivières, ndipo mbumba ya dzinali inafalikira kuchokera pa banja limeneli. Popeza ambiri sankadziwa kulemba, wansembe ankalemba dzina monga walimvera: apa Tétreau, apo Tétreault. Amene anapita kukafuna ntchito ku America anasanduka a Tatro. Panalinso chizolowezi chophatikiza dzina lachiwiri ndi kaliwu kakuti "dit", ndiye kuti "wotchedwa". Nthambi ina inakhala Tétreau dit Ducharme, ndipo adzukulu ena anangotsala ndi Ducharme yekha, osadziwanso kuti ndi abale.

Nanga mzere sunasokonekere bwanji? Anausunga ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati. M'mabukumo mkazi ankalembedwa ndi dzina la kwawo ngakhale atakwatiwa, monga momwe Nabanda amakhalirabe Nabanda m'nyumba ya a Phiri. N'chifukwa chake wansembe wina, Cyprien Tanguay, anatha kulondola mabanja a dzikolo m'mabuku 7 pakati pa 1871 ndi 1890. Amene mudzakhale abambo mfumu mawa, musamalembe mabuku a parishi mothamanga.

Délia anabadwa pa 4 February 1865 ku Marieville, m'chigawo cha Quebec, kwa Alexis Tétreault ndi Célina Ponton. Anali mapasa, koma mlongo wake Roch anamwalira ali khanda. Mayi ake anatisiya iye ali ndi zaka 2, bambo ake n'kupita ku America. Anamulera ndi mayi ake ena, Julie Ponton, pamodzi ndi amuna awo Jean Alix. Anakulira m'nyumba ya a Alix, komabe dzina la bambo ake silinamuchoke.

Thupi lake linali lofooka. Asisteri a Karimeli anamukana. Atalowa chipani china ku Saint-Hyacinthe, matenda anamubweza kumudzi. Anagwira ntchito pakati pa amphawi a ku Montreal kwa zaka 10. Bambo Alphonse Daignault, Mjezuiti wa mishoni ya Zambezi, anamuitana kuti abwere ku Africa, koma anadwalanso ulendo uli pafupi. Poona kuti iye sangapite, anaganiza zokonzekeretsa ena. Mu 1902 anatsegula nyumba yophunzitsiramo atsikana ofuna umishonale. Mu 1904 Ambuye Paul Bruchési a ku Montreal anakafotokoza za nyumbayi ku Roma, ndipo Papa Pius X anavomera, napatsa chipanicho dzina la Maria Wosaipitsidwa. Délia naye analandira dzina latsopano, Marie du Saint-Esprit, kutanthauza Maria wa Mzimu Woyera.

Asisteri oyamba ananyamuka mu 1909 kupita ku Canton, ku China. Mu 1920 anayambitsa magazini ya Le Précurseur, ndipo analimbikitsa maepiskopi mpaka anakhazikitsa chipani cha ansembe amishonale a ku Quebec mu 1921. Kuyambira 1933 anafa ziwalo, nakhala chigonere mpaka imfa yake pa 1 October 1941.

Ana ake anafika ku Nyasaland patapita zaka 7, mu 1948, nayambira ku Katete m'boma la Mzimba, osati kutali ndi malire a Kasungu. Mu 1997 Papa John Paul II anavomereza kuti anali Wolemekezeka, ndipo lero anthu amamudziwa kwambiri ndi dzina la ubatizo ndi la bambo ake kuposa lija la chisisteri.