Maria Montessori, Dokotala Amene Anasanduka Mphunzitsi wa Tiana

Makolo athu anati m'mera mpoyamba, koma maboma a ku Ulaya anachedwa kuzindikira kuti mwana wa zaka zitatu angathe kuphunzira. Mmodzi wa anthu amene anawatsegula maso ndiye Mayi Maria Montessori.

Mayiwa anabadwa pa 31 Ogasiti 1870 ku Chiaravalle, m'dziko la Italy. Ngakhale kuti masiku amenewo udokotala unkayesedwa ntchito ya amuna, iwo analimbika kufikira anatsiriza maphunziro awo pa yunivesite ya Rome mu 1896. Poyamba anagwira ntchito pakati pa ana a nzeru zochedwa, amene anthu ankawayesa osaphunzitsika. Pamene ena mwa anawo anakhoza mayeso a boma, mayiwa anayamba kukayika kaphunzitsidwe ka m'masukulu wamba, pakuti ana abwinobwino a kumeneko sankawaposa kwenikweni.

Pa 6 Januwale 1907 anatsegula sukulu yotchedwa Casa dei Bambini, ndiko kuti Nyumba ya Ana, ku San Lorenzo, dera la amphawi mumzinda wa Rome. Kumeneko tiana tinkangotayika makolo akapita ku ntchito. Iwo anaikamo timipando ndi timatebulo ta msinkhu wa ana, ndi zilembo zokhakhala zoti mwana azisisita ndi chala. Mwana ankadzisankhira yekha ntchito, mphunzitsi nangoyang'anira ndi kuthandiza pofunika. Posachedwa ana a zaka zinayi anayamba kulemba, ndipo mbiri inawanda m'maiko ambiri.

Koma njira yolera ana odziganizira okha sinakondweretse boma la Mussolini, limene linafuna ana ongomvera chipani. Mayiwa anakana kugonja, nachoka ku Italy mu 1934, ndipo masukulu awo anatsekedwa. Mu 1936 nkhondo inawachotsanso ku Spain. Mu 1939 anapita ku India, kumene anaphunzitsa aphunzitsi kufikira 1946.

Anamwalira pa 6 Meyi 1952 ku Noordwijk, m'dziko la Netherlands. Masukulu a dzina lawo alipo lero m'maiko ochuluka. Tsono okonza za maphunziro ayenera kukumbukira kuti ntchito yonseyi inayamba m'chipinda chimodzi, pakati pa ana a amphawi amene panalibe wowalabadira.