Mahatma Gandhi ndi Maphunziro a Mutu, Mtima ndi Manja

Mohandas Karamchand Gandhi adabadwa pa 2 Okotobala 1869 m'tauni ya Porbandar, m'dziko la India. Iye amakumbukiridwa chifukwa chotsogolera anthu a mtundu wake pomenyera ufulu popanda kukhetsa mwazi. Koma Gandhi adalinso mphunzitsi amene adasinkhasinkha kwambiri za maphunziro okonzekeretsa mwana ntchito ya moyo wake.

Atatsiriza maphunziro a zamalamulo ku London, Gandhi adapita ku South Africa m'chaka cha 1893 kukagwira ntchito ya uloya. M'chaka cha 1910 bwenzi lake, Hermann Kallenbach, lidapereka munda waukulu pafupi ndi Johannesburg kuti pakhale mabanja a Amwenye amene ankalimbana ndi malamulo atsankho. Mundawo adautcha Tolstoy Farm. Popeza pamalopo padali ana koma padalibe sukulu, Gandhi adasenza udindo woŵaphunzitsa mothandizana ndi anzake.

Sukuluyi idali yachilendo ndithu. M'maŵa ana ankalima, kusamalira mitengo ya zipatso ndi kuthandiza kuphika. Masana ankaphunzira kuŵerenga, kulemba ndi masamu. Ena ankaphunzira kupala matabwa. Kallenbach adakaphunzira kusoka nsapato zachikopa pa mishoni ya Mariannhill, nadzaphunzitsa Gandhi, ndipo Gandhi adaphunzitsa anawo. Padali lamulo loti mphunzitsi asatume mwana ntchito imene iye mwini sakuigwira. Motero ana ankagwira ntchito mokondwa.

Gandhi adabwerera ku India m'chaka cha 1915. Kumeneko adamva chisoni poona kuti ana ambiri otuluka m'sukulu ankangosirira ukalaliki, namanyoza ntchito ya manja imene idaŵalera. M'chaka cha 1937 padachitika msonkhano wa aphunzitsi ku Wardha, kumene adalongosola maganizo ake otchedwa Nai Talim, ndiye kuti maphunziro atsopano. Iye adafuna kuti mwana aliyense aphunzire zaka 7 mwaulere, m'chilankhulo cha makolo ake, ndi kuti maphunziro onse atsamire pa luso limodzi la manja.

Luso limene adalikonda kwambiri ndi kupota thonje. Mwana poyeza kulemera kwa thonje ndi kutalika kwa ulusi ankaphunzira masamu. Pofunsa kumene thonje limamera bwino ankaphunzira za nthaka ndi mvula. Ulusi ukaduka ankaulumikiza modekha, ndipo potero ankaphunzira kupirira. Mutu, manja ndi mtima zinkakulira pamodzi.

Si onse adagwirizana naye. Ena ankaopa kuti ana asanduka antchito m'malo mwa ophunzira, ndipo India atalandira ufulu m'chaka cha 1947, sukulu zambiri sizidatsate njirayi mokwanira. Gandhi adaphedwa ndi mfuti ku Delhi pa 30 Januwale 1948, ali ndi zaka 78.

Komabe phunziro lake silidafe. Mwana wa ku Ching'ambo, mu mzinda wa Mzuzu, akaima pa mmisiri wa matabwa kapena pa telala, adzaona kuti amisiriwo sadula kanthu asanayeze. Masamu a m'kalasi ali pomwepo. Chimodzimodzinso dokotala, namwino, mlimi ndi mphunzitsi: aliyense amafunika mutu wodziŵa, manja aluso ndi mtima wokhulupirika. Zitatuzi sizidza munthu atakula kale. Paja akulu adati mmera mpoyamba.

Mafunso
1. Kodi Gandhi adabadwira kuti, ndipo adabadwa liti?
2. Tchulani ntchito zitatu zimene ana ankagwira pa Tolstoy Farm.
3. Kodi mwana ankaphunzira bwanji masamu popota thonje?
4. N'chifukwa chiyani anthu ena sadagwirizane ndi Nai Talim?
5. Tchulani luso limodzi la kwanu, ndipo fotokozani masamu amene amafunika pa lusolo.