MBUSA WILLIAM HOPPE MURRAY NDI PFUKO LACE

Pa cikondwerero ici ife a mpingo wa ku Kaliyeka tiyenera kukumbuka makolo athu a mu cikhulupiriro, pakuti mwana wosadziwa dzina la agogo ace akhala ngati mlendo pamudzi pace. Mwa makolo amenewa mmodzi ndiye Mbusa William Hoppe Murray, amene nchito yace tiigwira m'manja Sabata liri lonse potsegula Buku Lopatulika. Mbiri ya pfuko lace siinataika, cifukwa maina ndi zaka zinalembedwa m'mabuku a mipingo ya ku South Africa, ndipo moyo wa iye mwini unalembedwa ndi M. W. Retief m'buku lina.

Tsinde la pfukoli ndiye Andrew Murray wamkuru, wobadwa caka ca 1794 ku Scotland. Iye anaoloka nyanja m'caka ca 1822, nakhala mbusa wa ku Graaff-Reinet kufikira imfa yace mu 1866. Mkazi wace ndiye Maria Stegmann. Mwa ana ao amuna, asanu anakhala abusa: John, mphunzitsi pa sukulu ya ubusa ku Stellenbosch, Andrew, mlembi wa mabuku ambiri a cipembedzo, William, mbusa wa ku Worcester, Charles, amene analowa m'malo mwa atate wace, ndi George.

Mwa nyumba imeneyi munaturuka adzukulu amene anapita kutali. Andrew Charles Murray, mwana wa Charles, anafika m'dziko lino mu 1888, nayamba wakhala kwa Dr Laws ku Bandawe. Pa 28 November 1889 iye ndi Mbusa Vlok anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere, ndipo pamenepo panayamba Misyoni yathu. Mdzukulu wina, Andrew Louw, anayamba nchito ku Morgenster pakati pa Akaranga mu 1891. Ameneyu dzina la Murray alibe, popeza wa pfukolo ndiye amai wace. Koma ife Acewa, amene tiwerenga mbumba potsata mai, sitibvutika kumuona kuti ali wa nyumba yomweyo.

William Hoppe Murray ndiye mwana wa William wa ku Worcester. Anabadwa mu 1866, caka comwe anamwalira agogo ace. Atatha maphunziro a ubusa, anatsata mbale wace ku Mvera mu 1894. Pamene A. C. Murray anabwerera kwao cifukwa ca kudwala, utsogoleri wa Misyoni unagwera William, ndipo anausenza zaka zambiri, ku Mvera poyamba, ndi ku Nkhoma pambuyo pace.

Koma nchito yace yoposa zonse ndiyo ya kumasulira Mau a Mulungu. Masiku amenewo Misyoni iri yonse inali ndi timabuku tace, ndipo kalembedwe ndi mau zinasiyana: a ku Blantyre anatsata Cimang'anja, a kuno Cicewa. Mu 1900 a Misyoni anapangana kuti pakhale Buku limodzi lomveka kwa onse olankhula Cinyanja. Katundu wolemera anamsenzetsa Murray, ndipo pomthangata panali Dr Hetherwick wa ku Blantyre, ndi Mbusa Napier, amene anaphedwa pa nkhondo mu 1918. Cipangano Catsopano cinaturuka mu 1907, Buku lonse linasindikizidwa mu 1922, ndipo linakonzedwanso mu 1936.

Tisayese kuti Mzungu anaitha nchitoyi yekha. Pa phiri la Kaso ku Mvera, ndi ku Nkhoma komwe, anakhala naye pansi aphunzitsi a mtundu wathu, monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Cikuse. Iye anadziwa Cihebri ndi Cigriki, koma iwowa ndiwo anadziwa liu limene nkhalamba ya kumudzi idzalimva, ndi liu limene lidzaisokeretsa. Potero maina ao ayenera kuchulidwa pamodzi ndi lace.

M'masiku a utsogoleri wace mpingo unakula kufikira kubala abusa ace ace. Mu 1925 anadzozedwa oyamba, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, ndipo mu 1926 a ku Nkhoma analowa m'cigwirizano ca C.C.A.P. pamodzi ndi a ku Livingstonia ndi a ku Blantyre. Murray anapumula mu 1937, atatumikira zaka 43, namwalira mu 1947. Mwana wace wamkazi, Pauline, anakhala dotolo pa cipatala ca ku Nkhoma, ndipo sukulu ina ya komweko ichedwa ndi dzina lace.

Tsono, abale, taonani cimene catithandiza kulondola mibadwo itatu ya pfuko ili: anthu ena anasamala kulemba. Ambiri a ife okhala ku Kaliyeka, ku Kawale ndi ku Biwi tinacokera ku midzi ya ku Mvera, Kongwe, Nkhoma ndi Mlanda. Kumeneko makolo athu anaphunzira m'kalasi, nabatizidwa, ndipo ena anayenda mitunda yaitali kukaphunzitsa m'sukulu za m'midzi. Ana athu obadwira mumzinda sawadziwa. Nkhalamba zimene zikumbuka maina zirikutha, ndipo buku likadyedwa ndi ciswe palibenso wakulibweza.

Cifukwa cace tipempha inu alaliki ndi aphunzitsi a kalasi, kuti polemba wobatizidwa mulembe mosamala dzina lace, la amai, la atate, la mudzi ndi la mfumu. Ndipo inu eni mabanja, funsani akuru akali moyo, pitani ku mpingo wa kwanu mukaone mabuku akale, nimulembe zimene mwapeza pa tsamba loyamba la Buku Lopatulika la m'nyumba mwanu, kuti adzukulu anu potsegula Mau adzapezenso maina a iwo amene anayamba kuwalandira.